Utsi wakuda wa ndege zakale ndi wa koloboyi womwe uja

Loweruka lapitali ndili pa Kamuzu Road kudikira galimoto ya ku Senga Bay, mwana wa mlongo wanga anandionetsa kavidiyo pa foni yake. Chindege cha injini zinayi chikunyamuka, kumbuyo kwake mizere inayi ya utsi wakuda bii, ngati wina wayatsa matayala. "Amalume, inu munagwirako ntchito ya injini za ndege, imeneyi sinagwe?" Ndinamuuza kuti sinagwe, ndipo panalibe chimene chinawonongeka. Inali Boeing 707, ndege imene inayamba kunyamula anthu mu 1958, ndipo umu ndi mmene inkanyamukira masiku onse.

Ndege za jeti zimayendera parafini. Ndi woyengedwa mosamala, dzina lake ndi Jet A-1, koma ndi m'bale weniweni wa parafini wa m'nyali. Tsono amene munawerengerapo mayeso pa koloboyi yankho mukulidziwa kale. Mukukumbukira mmene m'mphuno munkadera kukacha? Mwaye umenewo ndi kaboni wa m'mafuta amene sanapse chifukwa mpweya unachepa pamene moto unkayakira. Kilogalamu imodzi ya parafini imafuna mpweya wokwana makilogalamu pafupifupi 15 kuti ipse yonse. Yerekezani ndi nyali yopopa ija asodzi a usipa ankayatsa pa bwato usiku. Mafuta ndi omwewo, koma amayamba asanduka nthunzi n'kusakanikirana ndi mpweya asanayake. Kuwala mbee, utsi palibe.

Chodabwitsa n'chakuti injini ya jeti siisowa mpweya, imameza wochuluka kuposa umene moto ukufuna. Nkhani yagona pa malo amene mpweyawo ukulowera. M'kati mwa injini moto umayaka pakati pa chimphepo chothamanga koopsa, ndipo amene anayesapo kuyatsa machesi pagombe mwera ukuwomba akumvetsa vutolo. Amisiri a m'zaka za m'ma 1950 ankaopa kwambiri kuti moto ungazime ndege ili m'mwamba. Ndiye anakonza dala kuti kumutu kwa chipinda choyakira moto kuzikhala mafuta ambiri, mpweya wochepa, pakuti moto wotere suzima chisawawa ndiponso suvuta kuuyatsanso. Timabowo topopera mafuta a nthawi imeneyo tinkaunjika madontho malo amodzi, ndipo pakati pa madonthowo m'pamene mwaye unkabadwira. Wambiri unkapsa ukafika chakumbuyo kumene mpweya wina unkalowera, koma zonsezi zimachitika mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Wotsalawo n'kutulukira panja.

Ine sindiwanyoza amisiri amenewo. Atandifunsa kuti ndisankhe pakati pa injini yofuka ndi injini yozima m'mitambo, sindingachedwe kuyankha.

Nanga bwanji utsiwo unkanyanya ponyamuka? Ndi nthawi imene ndege yalemedwa kwambiri, mathanki ali tho, ndipo woyendetsa watsegula mafuta onse. Mpweya nawo umapanikizika kwambiri m'chipinda cha moto, ndipo ukapanikizika chotero mwaye umachuluka. N'chimodzimodzi lole yodzaza matumba a mpunga: pachidikha cha Salima imayenda bwinobwino, koma ikayamba kukwera zitunda za ku Lilongwe imasanza utsi.

Komatu utsi woopsa wa m'kavidiyo kaja unali ndi gwero linanso, limene anthu sakhulupirira ndikawauza: madzi. Ma 707 oyambirira anali ndi injini za JT3C za kampani ya Pratt & Whitney, zimene mphamvu zake zinkaperewera, makamaka kukatentha kapena bwalo likakhala pamalo okwera, chifukwa kumeneko mpweya umapepuka. Ndiye ndegezo zinkanyamula thanki ya madzi oyeretsedwa, onga aja timathira mu batire, n'kumawapopera mu injini ponyamuka. Madziwo ankaziziritsa mpweya n'kuwonjezera kulemera kwa zotuluka kumbuyo, komanso ankalola kuti mafuta awonjezedwe popanda kusungunula zitsulo. Mphamvu inkakwera ndithu. Koma moto wozizirirapo sutha kumaliza mwaye, ndiye wambiri unkathera panja. Pakatha mphindi ziwiri kapena kupitirira pang'ono madzi ankatha, utsi n'kuchepa nthawi yomweyo.

Kwathu kuno, amene ankapita ku Chileka m'zaka za m'ma 1970 anaona BAC One-Eleven ya Air Malawi, ya injini za Spey za Rolls-Royce. Phokoso lake linkagonthetsa m'khutu, kumbuyo ikusiya kamzere kotuwa.

Chimene chinathetsa utsi ndi nzeru ya nyali ya asodzi ija. Anapanga zopopera zimene zimaphwanya mafuta ndi mphepo kuti asakanikirane ndi mpweya asanayake, n'kulowetsanso mpweya wambiri kumutu kwa chipinda cha moto. Cha m'ma 1970 makampani a ndege ku America anayamba kusintha zipinda za moto za injini za JT8D, zimene zinali pa Boeing 727, 737 ndi DC-9, anthu okhala pafupi ndi mabwalo atadandaula. Mu 1981 bungwe la ICAO, loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, linaika malire a utsi umene injini ingatulutse. Injini za masiku ano zili ndi chifani chachikulu kutsogolo, ndipo mpweya wambiri umadutsa m'mbali osakhudza moto, kotero mphamvu imakwana popanda madzi. Musanyengeke nazo kwambiri: timwaye tosaoneka ndi maso timatulukabe, pamodzi ndi mpweya woipa uja wotenthetsa dziko.

Mnyamata uja anafunsanso za mizere yoyera imene ndege zimasiya m'mwamba zikamadutsa pamwamba pa nyanja. Umenewo si utsi. Parafini akapsa amatulutsanso nthunzi ya madzi, ndipo kumwambako kumazizira kwambiri moti nthunziyo imaundana pomwepo. Ndisanamalize kufotokoza, kondakitala anali atayamba kale kutikokera m'galimoto.