Penti ndiye amasankha burashi

Ndikaitanidwa kukakonza chitseko chimene mwini nyumba anapenta yekha, mlandu umagwera penti. "Penti ameneyu ngwachabe, taonani mizereyi." Ndikapempha kuti andionetse burashi imene anagwiritsa ntchito, nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo.

Musanagule burashi, werengani kaye pachitini. Penti wanuyo ndi wamadzi kapena wamafuta? Burashi ya ubweya weniweni, womwe kawirikawiri umakhala wa nkhumba, imamwa madzi. Mukaiviika mu penti wamadzi monga PVA, ubweyawo umatupa n'kufooka, burashi n'kungoti lende, osamveranso dzanja. Koma pa penti wamafuta ndi vanishi, kumeneko ndiye kwawo: imanyamula penti wambiri n'kumuyala mosalala. Pa penti wamadzi tengani ya nayiloni kapena poliyesita, pakuti ulusi wake sufewa ndi madzi.

Za kukula sizivuta. Ya mamilimita 25 ndi ya m'mafelemu a mawindo ndi tinthu tating'ono, ya 50 imakwana pazitseko ndi m'makona, ya 100 ndi ya malo otambalala. Khoma lonse lisiyireni rola, musadzizunze. Ine ndikanati ndigule imodzi yokha, ndikanatenga ya mamilimita 50 yodulidwa mopendekera kunsonga, chifukwa ndiyo imalemba mzere wowongoka pamene khoma lakumana ndi siling'i.

Tsono igwireni m'manja, musangoiona ili m'pepala. Kokani ubweya pang'ono. Kusosoka kamodzi kapena kawiri sikolakwika, koma ukamangotsala m'zala zanu, dziwani kuti udzatsalanso pakhoma, ndipo mudzakhala mukutola ndi zikhadabo penti akuuma. Upindeni pachikhatho: uzibwerera wokha. Tsegulani pakati muone ngati ubweya ndi wothithikana, poti zina zotsika mtengo zimaoneka zonenepa kunja pomwe m'kati muli mpata waukulu. Chitsulo chomanga ubweya kuchogwirira chisagwedere.

Chinthu chimodzi chimasokoneza anthu. Burashi yabwino imakhala ndi nsonga zong'ambikang'ambika, ngati tsitsi lothetheka. Ena amaibweza poganiza kuti ndi yakutha. Ayi ndithu, timphandato n'timene timagwira penti ndi kufafaniza mizere. Yodulidwa ngati tsache ndiyo imasiya mikwingwirima ija.

Ngakhale yabwinoyo imafa msanga mukaimiza yonse m'chitini. Viikani gawo limodzi mwa magawo atatu a ubweya basi, kenako gogodani pang'ono m'kati mwa chitini. Penti akafika pachitsulo n'kuumira m'menemo, ubweya umayamba kutangadza, ndipo palibe chimene mungachite kuti ubwerere.

Mukamaliza, ya penti wamadzi itsukeni ndi madzi ndi sopo, ya penti wamafuta ndi thina kapena tapentaini. Musaiimike m'chitini usiku wonse nsonga zili pansi, zimapindika. Kabowo kali kuchogwirirako anakaboolera msomali, ipachikeni pamenepo.