Akalephera, chitayika n'chiyani?

Loweruka lina titaweruka pa kagulu kathu ka olemba ku Highfield mu Harare, mnyamata wina wa ku Mabvuku adandinyamulitsa chimtolo cha mapepala m'jumbo. "Bambo, muwerenge, mundiuze zoona." Ntchito yanga ndi yokonza mabuku asanasindikizidwe, ndiye zoona ndimanenadi, ngakhale kuti ena akazimva sandipatsanso moni.

Inali nthano yaitali. Mayi wogulitsa tomato pa Mbare Musika waganiza zoperekeza bambo ake, tchona amene adachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere, kuti akaone kwawo asanatsikire kulichete. Njira adailondola bwino: Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza. Chichewa chake chinali chokoma. Basi idafera panjira, akuba adasolola chikwama, pachipata panabuka mkangano wa ziphaso. Koma ine ndidawodzera kawiri.

Titakumananso ndidamufunsa, "Mphwanga, mayiyu akalephera kufika ku Ntcheu, chichitike n'chiyani?" Adakanda m'mutu. "Abwerera ku Harare. Adzayesanso chaka chamawa." Ndidati basi, nanenso ndidzawerenga chaka chamawa.

Chimene chidasowa m'mapepala aja ine ndimachitcha chikole. Wakatapila sakupatsa ndalama chifukwa choti wamwetulira. Amafuna usiye wailesi kapena makina osokera, chinthu choti ukalephera kubweza chikuwawe. Wowerenga naye ndi wakatapila. Akukubwereka maola ake, ndipo akufuna aone chimene mtengambali wako waika patebulo. Zovuta zapanjira si chikole ayi. Basi kufa ndi tsoka chabe. Imasanduka nkhani pokhapokha ngati ola lililonse limene yaima likudya chinthu chimene mayiyu sadzachipezanso.

Olemba ongoyamba akamva zimenezi amathamangira imfa. Wina amuloza mfuti, wina amuthira tameki, mudzi wonse upsa. Imfa m'buku ndi yotchipa, chifukwa wowerenga amadziwa kuti mtengambali wamkulu safa pa tsamba lachisanu. Chimene chimamugwira pakhosi ndi chinthu chaching'ono, chodziwika dzina, chimene munthuyo angataye iye n'kukhalabe moyo, n'kumadzuka nacho chisoni m'mawa uliwonse.

Ndiye tidakhala pansi n'kuyamba kukumba. Mayi ake a wogulitsa tomatoyu anali ndani? Mnyamatayo adati anali Mshona wa ku Mutoko, adamwalira kale. Apa ndidadzuka pampando, chifukwa chuma chonse cha buku lake chinali chitabisala m'chiganizo chimenechi iye osachiona. Kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi: mbumba, malo olima, ufumu, zonse zimatsata mayi ndi atsibweni. Kwa Ashona mwana amatsata bambo, ndipo mutupo (mfunda) amatenga wa kuchimuna. Mwana wa bambo Mchewa ndi mayi Mshona akapita ku Mutoko amuuza kuti kwanu ndi kwa abambo ako. Akafika ku Ntcheu amufunsa kuti amayi ako ndi a mudzi uti. Mbali zonse ziwiri zikumulozera kutsidya. Munthu yekhayo amene angaime pamaso pa nyakwawa n'kunena kuti "uyu ndi wanga, mumulandire" ndi nkhalamba ija. Ndipo nkhalambayo yayamba kuiwala. Dzulo imatchula dzina la mlongo wake, lero yangoti kukamwa yasa.

Mwaona kusiyana kwake? Ulendo ndi womwewo, basi ndi yomweyo. Koma tsopano ikafera pa Tete masiku awiri, wowerenga akuwerengera maina amene akuthothoka m'mutu mwa mkulu uja. Chaka chamawa kulibe.

Nthawi imene mwaikamo nkhani nayo imasintha kulemera kwa chikole, ndipo ife a m'dziko lino la Zimbabwe sitisowa kupeka. Lamulo la unzika la 2001 lidasiya anthu ambiri obadwira kuno, a makolo ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ali pakatikati, zitupa zawo zikuwatchula kuti ndi alendo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 adati wobadwira muno malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene akukhala muno ndipo kholo lake ndi la dziko la SADC, ndi nzika, ndipo adaika Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo 16 zovomerezeka. Mayi wa tomato wa mu 2002 ndi wa mu 2015 sakuopa zofanana. Mukamuika mu 2008, ndalama imene wasunga ya ulendo ikusungunuka m'thumba ngati mchere pamvula, moti kuchedwa kwa sabata imodzi n'kutaya tikiti. Sankhani chaka mwadala, osati chifukwa ndi chimene mukuchikumbukira bwino.

Chikole chimodzi chimayendetsa nkhani, koma chimene chimaipatsa mano ndi chachiwiri, cholimbana ndi choyambacho. Ndidamufunsa kuti ndalama ya ulendo mayiyu waitenga kuti. Adati adasunga. N'zosakoma zimenezo. Tiyerekeze kuti ndi msungichuma wa bungwe la maliro, limodzi la mabungwe amene akhala akuikitsa machona mwaulemu m'makomboni ndi m'mapulazi kuyambira kalekale. Watapa m'thumba la bungwe, akuti adzabweza akagulitsa tomato wa mwezi wamawa. Ali ku Nyamapanda foni ilira: mmodzi wa mamembala watisiya, bokosi likufunika mawa. Akapitirira, dzina lake lafa pakati pa amayi amene amavala nawo nsalu imodzi kutchalitchi, anthu okhawo amene akhala abale ake mu Harare. Akabwerera, mudzi wa bambo ake wapita ndi bamboyo. Walira mvula walira matope. Kulikonse kumene alowere ataya kanthu, ndipo kumene alowereko n'kumene kudzatiuze kuti iye ndi munthu wotani. Tsatanetsatane wa nkhani amamera pa zisankho zoterezi. Wolemba sachitanso kuvutika kuitana akuba.

Pali cholakwika china chimene ndimachipeza ngakhale kwa olemba okhwima: amatiuza za chikole mochedwa, kapena amangochinena pakamwa. "Ankaopa kutaya ulemu wake." Ulemu sitiuona ndi maso. Tionetseni kope la bungwe lija, lachikuto chong'ambika, lomangidwa ndi mphira, mmene mayiyu amalembera dola iliyonse amayi anzake akuyang'ana, wina n'kunena kuti "ndalama zikakhala kwa inu timagona tulo." Zimenezo zibwere m'mitu yoyambirira, ulendo usanayambe. Tionetseninso sutikesi ya mkulu uja pansi pa bedi, muli bulangete limene adagulira amayi ake ndi malipiro oyamba, likadali m'pepala lake. Wowerenga salira chinthu chimene sanachigwirepo.

Mukamaliza mutu uliwonse, lembani m'mphepete ndi pensulo mayankho a mafunso awiri: pofika pano munthuyu wataya kale chiyani, nanga chatsala m'manja mwake n'chiyani? Mitu itatu yotsatizana ikapereka yankho lofanana, iwiri mwa iyo ndi yoti ichoke, ngakhale ikhale yokoma bwanji. Apa ndi pamene olemba amandida. Mnyamata wa ku Mabvuku uja anali ndi mutu wa akuba a pa Tete umene ankaunyadira kwambiri, ndipo tidaukangana mpaka kombi yomaliza idatsala pang'ono kumusiya.

Adabweranso patatha miyezi iwiri. Akuba adawasiyamo, mwana wamakani. Koma tsopano sasololanso chikwama cha ndalama. Akutenga sutikesi ija.