Kusamala ma orchid a m'nyumba dzuwa likamaswa mtengo ku Johannesburg

Ma orchid ambiri amene amafa m'nyumba za ku Johannesburg pakati pa Okutobala ndi Febuluwale amafa ndi madzi, osati ludzu. Mwini duwa akaona masamba akufota kunja kukutentha, amathamangira kuthirira, mawa athiriranso, mkuja chimodzimodzi. Pomwe akuzindikira, mizu yonse yaola. Nkhaniyi ndi yofunika kwa amene munagula duwali ku Woolworths kapena ku nazale, komanso kwa ambiri a ife amene timagwira ntchito ya m'nyumba ndi ya m'galadeni, omwe timasiyiridwa maluwa a abwana iwo akapita kutchuthi.

Duwa limene limagulitsidwa kwambiri, la masamba okhuthala otambalala ndi phesi lalitali lopindika, ndi Phalaenopsis. Kwawo ndi kunkhalango za ku Philippines, Indonesia ndi maiko oyandikana nawo, kumene limamera pamitengo, mizu ili pamtetete. Likusiyana ndi ma orchid a ku Nyika amene amamera m'dothi, aja timizu tawo amapangira chinaka. Muzu wa Phalaenopsis uli ndi khungu lofewa limene limamwa madzi msanga mvula ikagwa, kenako limauma ndi mphepo. Ukakhala m'madzi masiku angapo umasowa mpweya n'kuola, ndipo kukatentha kuolako kumafulumira. Mizu ikaola chomera sichingamwenso, choncho masamba amafota ngakhale poto ali chinyontho chokhachokha. Kufota kwa ludzu ndi kufota kwa mizu yoola kumaoneka chimodzimodzi pamasamba. Kusiyana kwake mumakuona ku mizu.

Ndiye chifukwa chake duwali limabwera m'kapoto ka pulasitiki koonekera mkati. Katulutseni m'poto wokongoletsa uja muyang'ane. Mizu ikakhala yobiriwira, yonenepa, komanso mkati mwa pulasitiki mukuoneka timadontho ta nthunzi, madzi alipo, musathire. Ikakhala yotuwa mombuwirira ndipo poto wapepuka m'manja, nthawi yakwana. Ikakhala yabulauni, yophwanyika mukaitsina n'kutsala kaulusi m'kati, yafa.

Musadalire kalendala yokha. Duwa lobzalidwa m'makungwa a paini lingafune madzi pakatha masiku 4 mpaka 7 m'nyengo yotentha. Lobzalidwa mu ndere, ija yotchedwa sphagnum, limatha masiku 10 mpaka 14, ndipo ndereyi imanyenga: pamwamba pamauma gwa, pakati pali chinyontho. Lowetsani kamtengo kotungira nyama yootcha mpaka pakati pa poto, kasiyeni mphindi 10, kenako kakhudzitseni patsaya. Kakazizira, dikirani masiku ena awiri.

Pothirira, thirirani m'mawa ndipo thirirani mokwanira. Ikani kapoto mu sinki, madzi adutse m'makungwa kwa mphindi imodzi, kapena kaviikeni m'beseni mphindi 10 mpaka 15 madzi osafika pamasamba. Kasiyeni kakhe mpaka kasiye kudontha musanakabwezere m'poto wokongoletsa, chifukwa mapoto ambiri oterowo alibe chibowo pansi. Madzi akhale osazizira, osatentha. Za kuika ayisi pamizu, zimene ena amalangiza, ine sindizivomereza pa chomera chochokera kotentha, komanso timadzi take sitinyowetsa poto yense. Madzi a pampopi a ku Johannesburg alibe vuto kwa Phalaenopsis, koma a mvula ndi abwino koposa, ndipo m'nyengo ya mvula ndowa imadzaza ndi mvula ya masana amodzi.

Pali malo amodzi oopsa: pakati pa chomera, pamene tsamba latsopano limatulukira. Madzi akalowa m'menemo n'kugona usiku wofunda, pamaola, tsamba lapakati limada kutsinde n'kuzuka lokha mukalikoka. Phalaenopsis imakulira pamalo amenewo pokha basi, ndiye pakaola nthawi zambiri chomera chapita. Madzi akagweramo, pindani katishu mukalowetse kamwe madziwo nthawi yomweyo.

Tsopano dzuwa. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo dzuwa la kuno limaluma kuposa momwe madigiri a pafoni akusonyezera. Kunja kungakhale 28, koma tsamba loyandikira galasi likhoza kupsa m'maola ochepa. Windo loipitsitsa ndi loyang'ana kumadzulo, lomwe limalandira dzuwa kuyambira cha m'ma 2 koloko mpaka kulowa. Loyang'ana kum'mawa ndiye labwino, bola dzuwa lichokepo pofika 9 kapena 10 koloko. La kumpoto limasinthasintha: mu Disembala dzuwa limadutsa pafupifupi paliwombo ndipo sililowa kwambiri, koma mu Seputembala, Okutobala ndi Malichi limalowa ndithu. Ngakhale windo la kumwera, limene ambiri amaliyesa lamthunzi chaka chonse, limalandira dzuwa lam'mawa kwambiri ndi lamadzulo m'miyezi ya Disembala ndi Januwale. Malo amene anali abwino mu Juni muwaunikenso.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Gwirani tsamba nthawi imene chipinda chatenthetsetsa. Likakhala lofunda m'manja, sunthani chomera mita imodzi kuchoka pawindo kapena kokani katani yopyapyala ya leisi. Tsamba lopsa limayamba ndi chigamba choyera kapena chachikasu, kenako chimauma n'kuda. Sichichira, koma ngati chili chouma musadule tsambalo, mbali yotsalayo ikugwirabe ntchito. Mudule pokhapokha chigambacho chikafewa, chikamachucha kapena kukula, ndipo mudule ndi lezala latsopano, sentimita imodzi m'kati mwa mbali yabwino.

Phalaenopsis imakondwa pa madigiri 18 mpaka 29. Kupitirira 32 imayamba kuvutika, makamaka mpweya ukaima. Chomerachi chimatsegula timabowo ta m'masamba usiku kuti chipume, choncho usiku wozizirirapo ndi wofunika, ndipo apa Johannesburg imatikomera mtima chifukwa usiku wake umazizira ngakhale m'chilimwe. Vuto lili m'zipinda za malata zopanda siling'i ndi m'mafulati otsekedwa tsiku lonse anthu ali kuntchito. M'chipinda chotero tsitsani duwa pansi, poti kutentha kumasonkhana m'mwamba, lichotseni pamwamba pa firiji, ndipo madzulo tsegulani windo. Fani yaing'ono yoyang'ana kukhoma, yongogwedeza masamba pang'ono, imathandiza kuposa madzi owonjezera. Mphepo ya eyakoni isaombe duwa mwachindunji: imaumitsa mphukira, zimasanduka zachikasu n'kuyoyoka zisanamasule. Nthochi ndi maapulo akupsa nazonso zimayoyola maluwa chifukwa cha mpweya wa ethylene umene zimatulutsa, ndiye mbale ya zipatso ikhale kutali.

Miyezi yovuta kwenikweni ndi Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe, kukatentha mpweya uli wouma. Duwali limafuna chinyezi cha mumpweya cha 50 mpaka 70 peresenti. Kuwaza masamba ndi botolo kumatha m'mphindi zochepa ndipo ndi njira yomwe madzi amalowera pakati paja. Ngati mukufuna kuwaza, wazani mizu yotulukira kunja kwa poto, m'mawa. Mbale ya timiyala yokhala ndi madzi, poto atakhala pamwamba osakhudza madziwo, imathandiza koma pang'ono chabe. Kuika zomera zingapo pamodzi, kapena kusamutsira duwa kubafa lowala, kumaposa zonsezi.

Mpweya wouma umaitana kangaude wofiira, yemwe uja amavuta pa tomato. Kunsi kwa tsamba kumatuwa, ndipo mukapukuta ndi tishu yonyowa imatuluka ndi timadontho tofiira. Pukutani masamba mbali zonse ndi madzi a sopo wotsukira mbale, madontho 3 kapena 4 pa lita, sabata iliyonse kwa mwezi. Kodikodi, woyera ngati thonje, amabisala m'makwawa a masamba ndi kuseri kwa maluwa. Mumchotse ndi kathonje koviika mu sipiriti, ndipo mubwereze, chifukwa mazira amaswa pambuyo pake.

Feteleza wa ma orchid muthire gawo limodzi mwa magawo 4 a mlingo wolembedwa pabotolo, kuthirira kumodzi ndi feteleza, kotsatira madzi okha. Musamuthire pamizu youma kapena pa chomera chofota, amawotcha nsonga za mizu.

Mukapeza kuti mizu yambiri yaola, musadikire nyengo yozizira. Zulani chomera, chotsani ndere yonse kuphatikizapo chibuluma chothinana chimene chimakhala pansi penipeni pa tsinde, dulani mizu yakufa, mubzale m'makungwa atsopano oviikidwa usiku wonse, m'poto wamng'ono wongokwana mizu yotsala. Dothi la m'galadeni ayi. Ngati mizu yatsala iwiri kapena itatu, dulaninso phesi la maluwa ngakhale likukongola, kuti mphamvu ipite ku mizu.

Kwa amene mukukwera basi kupita kumudzi mu Disembala: musasiye poto m'beseni la madzi. Viikani bwino tsiku lonyamuka, khetsani, ikani duwa pamalo owala koma opanda dzuwa, kutali ndi windo, chitseko cha chipinda chili chotsegula. Lotere limapirira masabata awiri, la mu ndere ngakhale atatu. Ulendo ukapitirira apo, musiyireni mnansi ndi malangizo amodzi, kuti athirire pokhapokha mizu ikatuwa, ndipo mumusonyeze mizuyo ndi maso musananyamuke.