Fakitale ya zibakera ya ku Hong Kong

Mu 1931 boma la China linaletsa mafilimu a anthu omenyana ndi malupanga. Chinakwiyitsa akuluakulu a chipani cholamula cha Kuomintang chinali filimu yomwe kampani ya Mingxing inatulutsa ku Shanghai mu 1928, yotchedwa The Burning of the Red Lotus Temple. Anthu anaikonda kwambiri moti kampaniyo inangopitiriza kuwonjezera zigawo mpaka zinakwana 18, makampani enanso n'kuyamba kutengera. M'mafilimuwo munali akatswiri ouluka m'malere ndi malupanga otulutsa kuwala, ndipo boma linati zimenezi zikudzaza zamatsenga m'mitu ya anthu pa nthawi imene dziko likufuna sayansi. Lero palibe amene angaonere zigawo 18 zija, zinatayika zonse.

Chiletsocho, kenako nkhondo ndi Japan kuyambira 1937, ndiponso kulowa m'boma kwa chipani cha Chikomyunizimu mu 1949, zinasamutsa opanga mafilimu ambiri kupita ku Hong Kong, kadera kamene kanali m'manja mwa Britain. Kumeneko n'kumene kunabadwira zimene ambiri a ife timangozitcha mafilimu a karate, ngakhale karate ndi ya ku Japan ndipo m'mafilimuwa Mjapani nthawi zambiri amakhala mdani.

Chaka chomwecho cha 1949, Kwan Tak-hing, yemwe anachokera m'masewero a pasiteji a Chikantoni, chinenero cha ku Hong Kong ndi ku Guangzhou, anasewera koyamba ngati Wong Fei-hung. Wong anali munthu weniweni, sing'anga wa mankhwala azitsamba a Chitchaina komanso mphunzitsi wa kamenyedwe ka Hung Gar, ndipo anali ndi chipatala chake chotchedwa Po Chi Lam mumzinda wa Guangzhou. Kwan anamusewera m'mafilimu oposa 70. Wong wa m'mafilimuwa sankauluka. Ankaponda pansi, ankaleza mtima mpaka woonera n'kutopa naye, ndipo akamenya munthu ankamumenya kuti aphunzire mwambo. Mafilimu ake anali otchipa, ambiri opanda mitundu, koma ndi amene anasula mbadwo woyamba wa anthu odziwa kukonza ndewu yoti ioneke bwino pa kamera.

Ndalama zenizeni zinabwera ndi abale a banja la Shaw. Iwowa anayamba ndi kampani ya Tianyi ku Shanghai mu 1925, koma awiri a iwo, Runme ndi Run Run, anapita ku Singapore kukagulitsa mafilimu, ndipo pofika nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali ndi nyumba zoonetsera mafilimu zoposa 100 m'chigawo chimenecho. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. A Shaw anali eni nyumba zoonetsera asanakhale akatswiri opanga mafilimu, ndipo nyumba zimenezo zinkafuna filimu yatsopano sabata ndi sabata. Run Run Shaw anafika ku Hong Kong mu 1957, n'kukhazikitsa Shaw Brothers chaka chotsatira, ndipo mu 1961 anatsegula situdiyo yaikulu ku Clear Water Bay imene inkatchedwa Movietown.

Movietown inali fakitale, palibenso dzina lina loiyenera. Munali misewu yachikale yomangidwa ndi matabwa, akachisi, milatho, nyumba za alendo, zonse zogwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza, moti munthu woonera mafilimu a Shaw angapo amayamba kuuzindikira mlatho womwewo ngakhale nkhani ikunena za chigawo china cha China. Osewera ankasayina makontirakiti a zaka zambiri pa malipiro a pamwezi, ambiri ankagona m'nyumba za kampani mkati momwemo, ndipo kujambula kunkachitika usana ndi usiku. Pa chaka pankatuluka mafilimu oposa 30. Wosewera mmodzi ankatha kufa m'mawa mu filimu ina, masana n'kuvala wigi ina kukafanso mu inzake.

Pofuna kufulumira, ankajambula popanda kutenga mawu. Mawu onse, kuphatikiza kulira kwa chibakera ndi kuwomba kwa malaya, ankawaika pambuyo pake mu situdiyo, kawirikawiri ndi anthu ena osati osewerawo. Zinali zothandiza pa malonda, chifukwa ogula anali obalalika: a ku Taiwan, Singapore, Malaya, Thailand ndi Matchaina okhala m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya, olankhula zinenero zosiyana. Filimu imodzi inkatha kuvala Chimandarini, Chikantoni kapena Chingerezi. Ndiye anthu akamaseka kuti milomo ikupita kwina mawu akupita kwina, adziwe kuti ngakhale ku Hong Kong komweko mawu aja sanali a pakamwa pa wosewerayo. Anyamata amene amaika mawu a Chichewa m'mafilimu a Chitchaina kuno kwathu, n'kumawonjezera nthabwala zawozawo, sakuwononga chinthu chopatulika. Akuchita ntchito imene filimuyo inapangidwa ikuyembekezera. Ndipo poti mawu sankadaliridwa, nkhani inkayenera kunenedwa ndi thupi. Ku Malawi, kumene wailesi ya kanema inayamba mu 1999, mwana wokhala pa benchi mu vidiyo sho ankadziwa ekita, ankadziwa mkulu wa adani, ankadziwanso chimene ayambanira, popanda kumva liwu limodzi.

Chapakati pa zaka za m'ma 1960 Shaw anabwezeretsa malupanga. King Hu anapanga Come Drink with Me mu 1966, ndipo anasankha Cheng Pei-pei, mtsikana wophunzira kuvina, kuti akhale katswiri wa ndewu. Hu ankaona ndewu ngati gule wa Peking opera, masewero a pasiteji oimba ndi kuvina, ndi ng'oma zake zomwe. Sanakhalitse kwa Shaw, anapita ku Taiwan. Amene anatsala n'kulamulira anali Chang Cheh, yemwe filimu yake ya 1967, One-Armed Swordsman, inali yoyamba kupeza ndalama zoposa 1 miliyoni za ku Hong Kong. Chang ankadandaula kuti mafilimu a nthawiyo anadzaza ndi akazi otchuka pamene amuna ankaoneka ofooka, choncho anadzaza ake ndi anyamata ovula malaya, magazi ofiira ngati penti, ndi ngwazi zofa zitaimirira. Ine ndimaona kuti Hu anali mmisiri woposa, koma Chang ndi amene anaumba chimene dziko lonse linadzagula.

Mu 1970 Jimmy Wang Yu, yemwe anasewera wadzanja limodzi uja, anapanga The Chinese Boxer, momwe lupanga linaikidwa pansi n'kutsala manja ndi miyendo. Chaka chomwecho Raymond Chow, mmodzi wa akuluakulu a Shaw, anachoka limodzi ndi Leonard Ho n'kukayambitsa Golden Harvest. Analibe situdiyo yofanana ndi Movietown, analibenso nyumba zogonekamo osewera, koma anali wokonzeka kulipira bwino ndi kupatsa wosewera mawu pa filimu yake.

Izi n'zimene zinamupezetsa Bruce Lee. Lee anabadwira ku San Francisco mu 1940, anakulira ku Hong Kong komwe anasewera m'mafilimu ali mwana ndi kuphunzira kamenyedwe ka Wing Chun kwa Ip Man, kenako anabwerera ku America mu 1959. Kumeneko anasewera Kato mu sewero la pa wailesi ya kanema la The Green Hornet, koma Hollywood sinkafuna Mtchaina kutsogolo. Shaw anamupatsa kontirakiti yofanana ndi ya wina aliyense, iye n'kukana. Chow anamupatsa madola 15,000 a ku America pa mafilimu awiri. Yoyamba, The Big Boss ya 1971, inajambulidwa m'tauni ya Pak Chong ku Thailand, ndipo ndi nkhani ya mnyamata wosauka wogwira ntchito pa fakitale ya madzi oundana imene mwini wake amazembetsamo mankhwala osokoneza bongo. Kwa nthawi yaitali mu filimuyo Lee samenya aliyense chifukwa analonjeza mayi ake. Kudikirako ndi kumene kumapangitsa theche loyamba kukoma. Inaphwanya mbiri ya malonda ku Hong Kong, Fist of Fury ya 1972 n'kudzaphwanyanso, ndipo The Way of the Dragon, imene anailemba ndi kuitsogolera yekha, inamufikitsa ku Rome kukalimbana ndi Chuck Norris.

Anamwalira pa 20 July 1973 ali ndi zaka 32, Enter the Dragon, yopangidwa mogwirizana ndi kampani ya ku America ya Warner Bros., isanatuluke. Chimene chinatsatira n'chochititsa manyazi pang'ono. Panabuka a Bruce Li, a Bruce Le, a Dragon Lee, onse ometa mofanana ndi kulira mofanana, ndipo mu 1978 Golden Harvest inamaliza Game of Death pogwiritsa ntchito anthu ofanana naye, n'kuikamo ngakhale zithunzi za maliro ake enieni.

Kwa ine zaka zokoma kwambiri ndi zimene zinabwera Lee atapita, makamaka 1978. Lau Kar-leung anali wokonza ndewu wa Chang Cheh asanayambe kutsogolera yekha, ndipo kung fu wake sanali wongophunzirira kamera. Bambo ake, Lau Cham, anaphunzira kwa Lam Sai-wing, yemwe anali wophunzira wa Wong Fei-hung mwini wake. Mu The 36th Chamber of Shaolin, Lau anachita chinthu chimene pa pepala chimaoneka ngati kupha filimu: gawo lalikulu ndi la kuphunzira basi. Ekita wake, Gordon Liu, amanyamula ndowa za madzi manja atatambasula, mipeni itamangidwa m'mikono kuti akatsitsa imubaye m'nthiti. Amawoloka dziwe podumpha pa zipika zoyandama kuti akapeze chakudya. Amaimba belu ndi nyundo ya mpini wautali mpaka dzanja kutupa. Ndewu yobwezera kumapeto imadutsa msanga. Woonera amakhala ataona kale mtengo wa luso lililonse, ndiye likagwiritsidwa ntchito amalikhulupirira. Kamera imaima patali, thupi lonse likuoneka kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo osewera amasinthana zibakera ndi mateche ambirimbiri chithunzi chisanadulidwe. Zimenezo sizinamizika.

Anthu okhoza kuchita zimenezi anachokera m'masukulu a opera, ndipo moyo wa kumeneko unali wowawa. Ku China Drama Academy ya Yu Jim-yuen, makolo ankasayinira mwana zaka zambiri, Jackie Chan anasayiniridwa 10, ndipo ana ankadzuka usiku kukayamba kupinda thupi, ndodo ili pafupi. Sammo Hung ndi Yuen Biao anatuluka m'sukulu yomweyo. Pamene ankamaliza, opera inali itatha msika, choncho analowa m'mafilimu ngati anthu ogwa ndi kumenyedwa m'malo mwa ena. Chan amaoneka kanthawi kochepa mu Enter the Dragon, Lee akumuthyola khosi. Ena atayesa kumusandutsa Bruce Lee wachiwiri zinakanika. Zinayenda mu 1978 pamene Yuen Woo-ping anamutsogolera mu Snake in the Eagle's Shadow ndi Drunken Master, momwe ekita amamva kuwawa, amathawa, amapukusa dzanja akamenya chinthu cholimba. Mu Drunken Master amasewera Wong Fei-hung yemwe uja, koma ali mnyamata wopulupudza, ndipo nkhalamba yoledzera yomuphunzitsa ndi Simon Yuen, bambo ake a Yuen Woo-ping.

Fakitale ya Shaw sinathe kupikisana ndi ufulu umene Golden Harvest inkapereka. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 Run Run Shaw anachepetsa kupanga mafilimu n'kuika mtima pa wailesi ya kanema ya TVB, ndipo mafilimu ake akale anawatsekera. Kwa zaka zambiri ambiri a iwo ankapezeka pa matepi ojambulidwa kuchokera ku matepi ena, odulidwa m'mbali moti nthawi zina mdani ankamenyedwa kunja kwa chithunzi. Kampani ya Celestial Pictures itagula mafilimu okwana 760 n'kuyamba kuwatulutsa oyeretsedwa mu 2002, anthu ozolowera matepi aja anaona koyamba kukula kwenikweni kwa ndewu za Lau Kar-leung. Anaonanso m'mphepete mwa mawigi pamphumi pa osewera, ndi mitambo yopaka penti pakhoma la situdiyo. Lau anamwalira mu 2013, ndipo Run Run Shaw anatsatira mu January 2014 ali ndi zaka 106.