Chiletso cha Spinoza chomwe sichinachotsedwe mpaka lero

Pa 27 July 1656, akuluakulu a sunagoge wa Ayuda achipwitikizi ku Amsterdam, m'dziko la Netherlands, anadula mumpingo mnyamata wa zaka 23, Baruch Spinoza. Chilangochi pachihebri amachitcha herem, ndipo sichinali chachilendo. Munthu akalakwa ankadulidwa masiku ochepa kapena milungu, n'kupepesa, kulipira chindapusa, basi wabwerera. Cha Spinoza chinalibe khomo lobwererapo.

Chikalata cha chiletsocho, cholembedwa m'Chipwitikizi, chinaletsa aliyense kulankhula naye kapena kumulembera kalata, kumuthandiza, kukhala naye pansi pa denga limodzi, kumuyandikira kufika pa mikono inayi, ngakhale kuwerenga zolemba zake. Mlandu wake weniweni sichinautchule, chinangonena za ziphunzitso zonyansa ndi ntchito zoipa. Pa nthawiyo n'kuti asanasindikize buku lililonse.

Kuuma mtima kwa akuluakuluwo kumamveka tikakumbukira kumene anachokera. Makolo awo anathawa ku Portugal ndi ku Spain kumene Ayuda ankabatizidwa mokakamiza. Ku Amsterdam anali alendo ololedwa chabe, ndipo mwana wokayikira za Mulungu ndi Malemba akanatha kuwadanitsa ndi akuluakulu a mzinda.

Spinoza sanapepese. Ankadzipezera chakudya popera magalasi a zida zoonera zinthu zakutali ndi tinthu tosaoneka ndi maso. Mu 1670 anatulutsa buku lotchedwa Tractatus Theologico-Politicus popanda dzina lake, pachikuto atalemba zabodza kuti lasindikizidwa ku Hamburg. M'bukumo anati Mose sakanatha kulemba yekha mabuku asanu oyambirira a Baibulo, popeza Deuteronomo amafotokoza za imfa yake ndi kuikidwa kwake m'manda. Anatinso palibe chozizwitsa chophwanya malamulo achilengedwe, ndipo boma lilipo kuti anthu akhale pa ufulu, aliyense aganize zomwe akufuna ndi kunena zomwe akuganiza. Apa abusa achikhristu ndiwo anapsa mtima, ndipo mu 1674 khoti la Holland linaletsa bukulo.

Mu 1673 anakana mpando wauphunzitsi ku yunivesite ya Heidelberg poopa kumangidwa pakamwa. Buku lake lalikulu, Ethica, lomwe limati Mulungu ndi chilengedwe ndi chinthu chimodzi, analisunga m'kabati. Anzake analisindikiza iye atamwalira ku The Hague pa 21 February 1677 ndi matenda a m'mapapo, ali ndi zaka 44.

Njira yake yowerengera Baibulo, yofunsa kuti analemba ndani, liti, ndipo ankalembera yani, lero imaphunzitsidwa m'masukulu ambiri aubusa. Koma mlandu uja ukadalipo. David Ben-Gurion, nduna yaikulu yoyamba ya dziko la Israeli, anapempha m'ma 1950 kuti chiletsocho chichotsedwe, sizinatheke. Mu December 2015 akatswiri anakumana ku Amsterdam kukambirana nkhaniyi, ndipo rabi wamkulu wa mpingowo, Pinchas Toledano, anakana, ponena kuti Spinoza sanalape ali moyo.