Thandizo la nyengo yozizira ku Britain limatsata dzina la pa bilu

Ku Britain thandizo lolipirira magetsi ndi gasi m'nyengo yozizira silichokera ku ofesi imodzi. Lina limachokera ku DWP, nthambi ya boma yoona za penshoni ndi anthu osowa, lina ku kampani imene imakugulitsani magetsi, lina ku khonsolo. Maofesiwa amadalirana pa zolemba. Zolembazo zikasemphana, banja loyenera kuthandizidwa limagona pozizira ndalama zake zilipo.

Tiyambe ndi Warm Home Discount, imene imavuta ambiri. Ndi mapaundi 150 amene kampani ya magetsi imachotsa pa bilu kamodzi pa chaka, pasanathe pa 31 Malichi. Ndalamayi simuigwira m'manja. Ku England ndi ku Wales simufunsira: DWP imatenga mayina a olandira thandizo monga Universal Credit kapena Pension Credit n'kuwafanizira ndi mayina amene makampani ali nawo pa tsiku limodzi la mu Ogasiti. Apa ndi pamene zinthu zimasokonekera. Wolandira thandizo kapena mkazi kapena mwamuna wake ayenera kukhala wolembedwa pa bilu tsiku limenelo. Ngati bilu ili m'dzina la mwana wanu wamkulu, kapena la mwini nyumba chifukwa magetsi mumalipira pamodzi ndi lendi, kompyuta sikupezani. Chimodzimodzi dzina likalembedwa mosiyana, mwachitsanzo la kuchimuna ku kampani koma lobadwa nalo ku DWP, kapena nambala ya fulati ikasowa pa adiresi. Bilu ya mu Julayi ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa, chilembo ndi chilembo, chifukwa ya mu Disembala imafika tsikulo litadutsa kale.

Kalata ya boma imabwera pakati pa Okutobala ndi Januwale. Ina imangoti ndalama ikubwera, ina imati imbani foni mutsimikize zina, ndipo yachiwiriyi ili ndi tsiku lotsekera chakumapeto kwa Febuluwale. Amene muli ndi mita yogulira mayunitsi ya kiyi kapena khadi, ndalama imatha kubwera ngati vocha ya pepala yokawombola kusitolo kapena ku Post Office. Vochayi imafa masiku ake akatha, ndipo envelopu yake siisiyana ndi ya zotsatsa malonda, choncho n'zosavuta kuitaya musanaitsegule. Ku Scotland ena amayenera kufunsira okha ku kampani yawo, ndipo ku Northern Ireland ndondomekoyi kulibe.

Cold Weather Payment imayenda mwina. Ndi mapaundi 25 pa masiku 7 aliwonse otsatizana amene kuzizira, poyerekeza masiku onsewo, kwafika madigiri 0 kapena kutsikirapo, kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi. Chimene amawerenga ndi siteshoni ya zanyengo yolumikizidwa ku postcode yanu, osati mmene m'chipinda mwanu mukuzizirira. Universal Credit payokha sikwanira: pamafunikanso zina, monga kukhala osagwira ntchito muli ndi mwana wosakwana zaka 5 kapena matenda olepheretsa ntchito. N'chifukwa chake mwana akabadwa muyenera kudziwitsa DWP msanga. Scotland inasiya njira imeneyi n'kuyamba Winter Heating Payment, yobwera kamodzi pa chaka, kaya kuzizire kaya ayi, ndipo ine ndimaona kuti ndiyo yanzeru, chifukwa banja limadziwiratu chimene lilandire.

Kwa okalamba, khomo lalikulu ndi Pension Credit, ndalama imene boma limawonjezera kwa okalamba opeza zochepa. Ngakhale mutapatsidwa kandalama kochepa pa sabata, imatsegula Cold Weather Payment, Warm Home Discount ndi thandizo la lendi, ndipo pofunsira mutha kupempha kuti ibwerere m'mbuyo mpaka miyezi 3. Ambiri safunsira poganiza kuti nyumba yawoyawo kapena tindalama ta kubanki tawachotsa kale pamndandanda, zimene nthawi zambiri si zoona. Winter Fuel Payment, ya mapaundi 200, kapena 300 kwa azaka 80 kupita m'tsogolo, mu 2024 inayamba kuperekedwa kwa okhawo olandira Pension Credit kapena thandizo lina la opeza zochepa. Mu 2025 boma linaibwezera kwa okalamba a ku England ndi Wales, koma opeza zoposa mapaundi 35,000 pachaka amaibweza kudzera mu msonkho.

Abale athu amene ali pa viza ya ntchito yosamalira okalamba kapena ya sukulu asamale kwambiri. Viza yotere kawirikawiri imaletsa kulandira ndalama za boma zothandizira osowa, ndipo Universal Credit, Pension Credit, Cold Weather Payment ndi Winter Fuel Payment zili m'gulu loletsedwalo. Kuzilandira kungaononge pempho lanu lotsatira la viza. Koma makomo ena ndi otseguka. Malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, amalamula kampani kukambirana nanu njira yobwezera ngongole molingana ndi mmene mumapezera, komanso kupereka mayunitsi angongole mita ikazima. Priority Services Register, kaundula wa makampaniwa wa anthu ofunika chisamaliro chapadera, ndi yaulere kwa odwala, olumala, oyembekezera ndi amene ali ndi ana aang'ono, ndipo siyendera viza. Banja la ana limene lafika posowa pogwira lingapemphe khonsolo kuti liunikidwe pansi pa gawo 17 la Children Act 1989 ku England.

Popita ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere, kapena ku khonsolo, nyamulani zonse pamodzi: bilu yaposachedwa, kalata ya DWP, chikalata cha lendi ndi umboni wa viza. Mlangizi akayala mapepala anayiwo patebulo limodzi amaona msanga pamene dzina kapena adiresi zasiyana, ndipo amadziwa ofesi yoyamba kuimbira.