DNA sitimaidula paliponse ayi

Ambiri mukamva zoti asayansi "adula DNA" mumaganiza kuti pali kampeni kenakake pansi pa maikulosikopu, ayi ndithu. Timagwiritsa ntchito ma restriction enzyme, omwe ndi mapuloteni odula DNA, ndipo sitinachite kuwapanga ife, tinawatenga kwa mabakiteriya. Bakiteriya nayenso amadwalatu, pali mavairasi omwe amamulowa, ndiye ali ndi ma enzyme oduladula DNA ya vairasiyo isanayambe kuswana. Yake amaiteteza poiika tizizindikiro ta methyl, enzyme ikapeza timeneti imangodutsa. Werner Arber, Daniel Nathans ndi Hamilton Smith analandira mphoto ya Nobel mu 1978 chifukwa cha zimenezi.

Chimene chimandisangalatsa ine nchoti enzyme siidula chisawawa. Telala wa mu msika wa Zomba amadula nsalu pomwe walemba choko, enzyme nayo ili ndi pake. DNA ili ndi zilembo zinayi basi, A, T, G, C, pa zingwe ziwiri zophatikizana, A amagwirana ndi T, G ndi C. Enzyme yotchedwa EcoRI, yochokera kwa bakiteriya wa E. coli, imasaka GAATTC, ndipo chingwe chinacho mukachiwerenga chobwerera mupezanso GAATTC yemweyo, nchifukwa chake enzymeyi imagwira ntchito ili ziwiri zogwirana, iliyonse chingwe chake, nkudula pakati pa G ndi A. Mbali zonse kumatsala kansonga ka AATT kali lende, ndipo DNA ina iliyonse yodulidwa ndi EcoRI, kaya ya munthu kaya ya chimanga, ikhoza kumata pamenepo, enzyme ina yotchedwa ligase nkumaliza kulumikiza. Insulin (mankhwala a matenda a shuga) yopangidwa ndi mabakiteriya, yomwe inavomerezedwa mu 1982, inadzera m'kudula ndi kulumikiza kotereku.

Mu labu ma enzymewa ndi timadzi toyera m'kachubu, timakhala mufiliza pa -20°C, tikatulutsa ndi pa ayezi, kuntchito timafuna magnesium ndi kutentha kwa 37°C. Magetsi akathima nthawi yaitali mtima umakhala m'mwamba.

Tsono chilembo chimodzi mwa zomwe imasaka chikangosintha enzyme siidula. Matenda a sickle cell, omwe akuzunza ana ambiri kwathu kuno, amayamba pamene GAG wasanduka GTG mu jini ya hemoglobin, puloteni yonyamula oxygen m'magazi, ndipo kusinthako kumafafaniza malo omwe enzyme yotchedwa MstII imadula. Tikadula DNA ya munthu ndi MstII, zidutswazo nkuziyendetsa ndi magetsi pa jelo yozisiyanitsa malinga ndi utali wake, wodwala amaonetsa chidutswa chachitali, wopanda vuto zazifupi, amene wangotengera kwa kholo limodzi amaonetsa zonse, ndipo ameneyu nthawi zambiri sadwala, iye mwini sadziwa nkomwe kuti angapatsire mwana.